Chaka Chimene Msewu wa pa Boma Unasunga Madzi

Anandichotsa sukulu chifukwa cha ndevu. Sindinabe kanthu, sindinamenye munthu, ndipo masamu ndinkakhoza kuposa onse m'kalasi mwathu. Koma tsiku lina kunabwera munthu woyendera masukulu, n'kutiimika pamzere padzuwa. Ankayang'ana zibwano zathu mmodzimmodzi ngati akusankha mbuzi. Atafika pa ine anandigwira chibwano, n'kuchitembenuza uku ndi uku. Anati ndakula, malo a Sitandade 5 ndi a ana. Ndinayamba sukulu mochedwa chifukwa kumudzi kwathu, cha ku Tembwe, sukulu inali kutali ndipo pakati panali mtsinje. Zimenezo sanafunse. Ndinamanga bulangete langa, n'kutsika mapiri kubwerera kuchigwa.

Kumudzi sindinakhaleko. Anthu ankandiyang'ana ngati mphika wosweka umene akuchita nawo manyazi kuutaya. Amayi ananditumiza kwa asibweni, mlongo wawo wamkulu, amene ankalima mpunga m'dambo pafupi ndi boma la Chama. Asibweni anali munthu wamfupi, wa mapazi otambalala ngati makasu, wosalankhulalankhula. Munda wawo anauzunguliza ndi mizere ya dothi yotchinga madzi, ndipo mizere imeneyo ankaikonda kuposa ana awo. M'mawa uliwonse ankayenda pamwamba pake akuyang'ana pamene nkhanu kapena khoswe waboola. Akapeza kabowo kongolowa chala ankatukwana ngati wina wawabera ng'ombe. Ine ndinkadana nawo mundawo. Ndinkadana ndi matope, misundu, ndi kuthamangitsa mbalame tsiku lonse ngati wamisala. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kuchoka m'chigwa muno.

Msewu wa pa boma unali umodzi. Unkayambira pa ofesi, pomwe mamesenjala ankakhala pabenchi, n'kudutsa masitolo atatu ndi msika wa pansi pa mitengo, n'kukathera pa nyumba yosungiramo matumba a mpunga. Munthu ankaumaliza ndudu yake isanathe. M'chilimwe unali fumbi lofika m'akakolo. M'dzinja unali makande akuda amene amavula munthu nsapato, ngati ali nazo.

Titangomaliza kukolola, kunabwera lole ya anthu a misewu. Inatsitsa mapiki, mafosholo, mawilibala asanu, migolo yachabechabe yodulidwa mbali zonse ziwiri, ndi kapitawo. Kapitawoyo anali wa kumtunda, wamtali, wa chipewa cha khaki ndi wezulo wa pakhosi. Chisenga, chilankhulo chathu, sankachimva, ndipo sankafuna n'kuchimva komwe. Anatisonkhanitsa pansi pa mtengo n'kunena kuti msewu aukonza: authira miyala, aukweza pakati, ndipo mbali zonse ziwiri amanga kanjira kokwera ka anthu oyenda pansi, ngati m'matauni akuluakulu.

Mkulu wina anafunsa kuti, "Nanga panopa tikuyenda ndi chiyani, mutu?"

Kapitawo sanaseke. Anati anthu aziyenda m'mbali, magalimoto pakati. Magalimoto ake anali awiri pa mlungu, nthawi ya mpunga.

Kenaka anatulutsa pepala lalikulu lopindapinda, n'kufunsa amene amadziwa kuwerenga manambala. Magalasi ake anali atasweka panjira. Ndinakweza dzanja ndisanaganize n'komwe.

"Unafika pati?"

"Sitandade 4."

"Nanga bwanji uli kuno?"

"Ndevu," ndinatero.

Anandiyang'ana chibwano, n'kugwedeza mutu ngati zimenezi anazimvapo kale. Anandipatsa pepala, chingwe, zikhomo ndi levulo, n'kunena mawu amene ndinagona nawo miyezi inayi. Anati ntchito ikatha ndipo bwana wa misewu akaiona n'kukhutira, iye atenga anthu awiri pa gulu lathu kupita nawo ku msewu wa ku Lundazi, ntchito yokhazikika, ya nambala. "Mmodzi akhale wodziwa pepala," anatero. Pa gulu lonse wodziwa pepala ndinali ine ndekha.

Levulo ija inandisokoneza mutu. Kamtengo kotalika ngati mkono, pakati pake kagalasi, m'kagalasimo madzi obiriwira ndi kathovu kamodzi. Ukaipendeketsa pang'ono, kathovu kathawira kumtunda. Ndinkaiika paliponse: pa benchi ya mamesenjala, pa mtondo wa azakhali, pamsana pa galu wogona. Ndinapeza kuti tebulo la mu ofesi, limene anthu ankaliopa chotero, linali lopendekera kumadzulo. Ndinkafunitsitsa kudziwa amene anatsekera kathovuko mmenemo, ndi momwe anachitira kuti kasatuluke. Kapitawo anati ndisiye mafunso a kusukulu, ndikhome zikhomo.

Anatigawa pawiri. Kanjira ka mbali ya kumpoto, komwe kunali ofesi, anapatsa anthu anayi amene anabwera nawo. Ka mbali ya kumwera, ka masitolo ndi msika, anandipatsa ine ndi amuna asanu ndi awiri a kuno, onse olima mpunga, onse akuluakulu kwa ine. Mmodzi wa iwo anali asibweni. Iwo anabwera chifukwa m'chilimwe m'munda mulibe chochita, ndipo sankatha kukhala pansi. Kapitawo mwiniwake ankakhala kwambiri ku kamlatho ka pa mtsinje, kumene kunali ntchito yovuta. Kwa ife ankangodutsa.

Kulamulira asibweni ako n'kovuta. Ndikati, "Asibweni, dothi lifike pa chingwe," iwo ankayankha, "Tamva, asukulu," anzawo n'kuseka. Onse anayamba kunditchula choncho. Koma ntchito ankaidziwa, zimenezo sindingakane. Anthu a kapitawo ankangokhuthula dothi, kuliponda ndi chipika kawiri katatu, basi. Athuwa ayi. Anakana dothi la m'mbali mwa msewu, nati ndi lopanda mphamvu. Anakakumba chulu kuseri kwa msika, n'kumabweretsa dothi lake pa wilibala. Ankalinyowetsa, kulipondaponda ndi zidendene mpaka lichite ulimbo, kuliika pang'onopang'ono, kulitsindira, kudikira liume, n'kuikanso lina. Pomaliza ankasalaza m'mbali ndi zikhatho zonyowa. Anthu a kapitawo anamaliza mbali yawo ife tili pakati.

"Fulumirani, asibweni, atisiya!"

"Muphwa, ukufuna mzere kapena ukufuna mpikisano?"

"Si mzere uwu. Ndi kanjira."

"Eya, kanjira," anatero, osadzutsa mutu, akupitiriza kuponda.

Ndikanamvetsera mawu amenewo. Kwa iwo unali mzere basi, mzere wautali kuposa yonse imene anamangapo.

Pa pepala panali timizere tinayi todutsa kanjira kathu, ndi muvi woloza kum'mawa. Kapitawo anandifotokozera kuti pamenepo tikwirire migolo, kuti madzi a mu msewu azidutsa pansi pa kanjira n'kugwera mu ngalande ya kuseri, ndipo ngalandeyo iwatengere kum'mawa monga muvi ukunenera. Tinaika migolo inayi pomwe pepala linanena. Ndinayesa uliwonse ndi levulo. Kapitawo anabwera, anawerenga ndi chala, imodzi, iwiri, itatu, inayi, n'kubwerera ku mlatho wake.

Asibweni anaima nthawi yaitali pa mgolo woyamba, akusuzumira mkati. Anati, "Bowo lonseli?"

"N'lotulutsira madzi."

"Kutulutsa? Apite kuti?"

"Kulikonse. Sitikuwafuna."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana amayi anga. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akupempha madzi kuti akhale, ndinkamuuza kuti madzi sitikuwafuna.

Mlungu wotsatira kapitawo ananditumiza ku dzenje la miyala, panjira ya ku Chifunda, kukawerenga maulendo a lole. Ndinakhalako masiku atatu. Pobwera ndinapeza kanjira kathu katatha. Kanali kokongola, ndinene zoona. Kofika m'bondo, kowongoka ngati chingwe, kosalala ngati nyumba yozira kumene, kuyambira pa sitolo yoyamba mpaka ku nyumba ya mpunga. Ndinayenda m'mbali mwake ndikusirira. Nditafika pakati ndinaima. Migolo inali kuti?

Ndinagogoda ndi chikhomo pomwe ndinkadziwa kuti pali mgolo. Panalira ngati njerwa. Anali ataidzaza yonse ndi dothi la chulu, kulitsindira ndi mitengo mpaka mkati, n'kuzira pamwamba kuti pasaoneke n'chipsera chomwe.

"Asibweni! Mwachita chiyani?"

"Tamaliza."

"Mwatseka migolo!"

"Inali mabowo, muphwa. Mukanalowa makoswe, njoka. Mvula yoyamba ikanayambira pomwepo kugumula. Migolo ilimo, sitinachotse. Akafuna awerenge."

Mnzawo wina, wa diso limodzi, anati, "Asukulu akufuna anthu azidzati a Chama anamanga mzere wobooka. Ife tili moyo?"

Ndinali nditatenga kale piki kuti ndiyambe kufukula pamene wezulo analira. Kapitawo anafika ndi kalaliki wa mu ofesi. Anagwada kumapeto kwa kanjira, anatsinzina diso limodzi, n'kuyang'ana kutalika kwake konse. Anadzuka, anakwera pamwamba, anadumphapo ndi nsapato zake zolemera. Sipanagumuke ngakhale kambulu.

"Iyi ndiye ntchito," anatero. "Onani, akalaliki. Ngakhale ku Fort Jameson kulibe kotere. Iwe wa ndevu, longedza bulangete lako."

Maso ake opanda magalasi sanaone kuti mabowo palibe. Kalaliki sankadziwa kuti payenera kukhala mabowo. Amuna asanu ndi awiri aja ankandiyang'ana. Ndinaika piki pansi mwakachetechete. Ndinadziuza kuti bwana wa misewu adzabwera mvula isanagwe, ndipo ikamadzagwa ine ndidzakhala ndili kumtunda ndi nambala yanga pachifuwa. Ndikulemba zimenezi kuti wina asadzanene kuti ndinapusitsidwa ndi nkhalamba. Ndinaona, ndipo ndinakhala chete.

Kanjirako anthu anakatcha khonde la msewu. Kuyendapo sankayendapo kwenikweni. Ankayendabe pakati pa msewu monga kale, khondelo n'kumakhalapo. Amayi a pamsika anayalapo tomato ndi nsomba zouma. Amuna ankasewerapo nsolo. Telala wa pa sitolo yachiwiri, munthu amene anakhalapo ku migodi ndipo ankalankhula Chingelezi ngakhale kwa nkhuku, anatulutsa makina ake n'kuwaika pomwepo. Anati aka n'koyamba kupeza malo pa Chama pomwe makina ake sagwedera. Kapitawo ankaliza wezulo kuwathamangitsa, iwo n'kusuntha pang'ono, iye akapita n'kubwerera.

Bwana wa misewu sanabwere mu Okutobala. Anati galimoto yawonongeka. Mu Novembala anati wapita kwina. Kutentha kwa m'chigwa muno kunafika pomwe mbalame zimakhala kukamwa kuli yasa. Ine tsiku lililonse ndinkayang'ana mbali ziwiri: kumsewu wa ku Lundazi ndi kumwamba. Kumwamba ndiko kunayamba.

Inagwa Lachiwiri masana, mvula yeniyeni, yosaona munthu ali patsogolo pako. Inagwa mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerezanso Lachitatu. Itasiya ndinathamanga kuchokera kwa asibweni kupita pa boma. Ndisanafike ndinamva achule.

Msewu panalibe. Panali dziwe lalitali, lowongoka, kuyambira pa ofesi mpaka ku nyumba ya mpunga, mitambo ikuoneka m'kati mwake. Madzi onse a ku mabwalo a ofesi anali atalowa kudzera m'migolo ya anthu a kapitawo, imene inali yotsegula bwinobwino, n'kudzatsamira pa khonde lathu. Khonde lathu linawagwira. Silinadonthe ngakhale pamodzi. Pakati pa dziwelo panaima lole ya mpunga, matayala onse atamira, dalaivala atakhala pamwamba pa matumba akutukwana aliyense wodutsa. Ana amaliseche ankasambira kutsogolo kwa sitolo. Abakha a kalaliki anali atafika kale.

Ndinayenera kuchita mantha, ndipo ndinachitadi. Koma choyamba ndinangoima kukamwa kuli pululu. Madzi ochuluka chotero, kugwidwa ndi dothi loponda ndi zidendene! Ndinakwera pakhonde, ndinayenda mpaka kumapeto ndikuyang'ana kuseri kwake. Kunali kouma. Anthu onse manje ankayenda pakhonde, mmodzi pambuyo pa mnzake, monga kapitawo ankafunira.

Telala anandiona. "Aa, injiniya wafika! Tiuzeni, bwana, mbewu tiyambe kuwokera liti? Ine ndatenga kale chigawo cha kutsogolo kwa sitolo."

Mayi wina wa nsomba anati, "Musamunyoze mwana wa eni. Watibweretsera Luangwa pakhomo, sitidzavutikanso kupita kutali."

Kapitawo anafika akuwoloka madzi ofika m'maondo, chipewa chili m'manja. Sanalize wezulo. Anandigwira mkono n'kunditengera pomwe panali mgolo woyamba.

"Uli kuti?"

"Ulimo."

"Ulimo! Ndiye ukutani mmenemo, ukugona?"

Anati mesenjala wabwera ndi uthenga: bwana afika Loweruka, mitsinje isanatseke njira. Tsikulo linali Lachinayi. "Akapeza chonchi, iwe udzafera m'matope muno, ndipo ine ndidzakuthandiza kufa."

Amuna onse a gulu langa anali atabwerera ku minda yawo, poti mvula yoyamba siyembekezera munthu. Ndinalowa m'madzi ndekha ndi chitsulo chokumbira. Dothi la chulu lija, lotsindiridwa mu mgolo, linali ngati mwala. Ndinkakumba ndi manja pansi pa madzi, osaona chimene ndikuchita, chitsulo cha mgolo chikundicheka zala. Anthu a kapitawo ankakumba kuchokera kuseri. Dzuwa litapendeka tinakumana pakati, madzi n'kuyamba kudutsa ndi mkokomo. Anthu anaombera m'manja. Tinatsegulanso wachiwiri.

Madzi anatsika kutalika kwa chikhatho, n'kuima.

Ndinapita kuseri kukaona. Ngalande inali itadzaza, ndipo madzi ake anangokhala duu, olingana ndi a mu msewu. Sankapita kum'mawa. Sankapita kulikonse. Ndinatenga pepala, muvi unali pomwepo, ukuloza kum'mawa molimba mtima. Ndinatenga levulo n'kuiika m'mphepete mwa ngalande. Kathovu pakati. Ndinapita mayadi khumi, kathovu pakati. Ndinayesa kuseri kwa msika, kutsogolo kwa sitolo, paliponse. Levulo inkandiuza kuti dziko lonse la Chama n'lathyathyathya ngati mphasa. Amene anajambula muvi uja anaujambula ali kumapiri, komwe madzi safunsa njira.

Lachisanu m'mawa ndinapita kumunda. Ndinapeza asibweni ali pamzere wawo, akumata pomwe nkhanu inaboola. Sindinapereke moni.

"Mwandiphera ntchito, asibweni."

"Wagumuka?"

"Sunagumuke! Ndiye vuto lake!"

Nkhope yawo inawala. Anayesa kubisa koma ndinaona. "Ngakhale pa msika paja? Paja dothi linali lochepa."

Ndinafuna kuwaponyera chibuma. Ndinawauza zonse mokalipa: migolo iwiri yotsegula, ngalande yosayenda, levulo yosathandiza, bwana wa mawa. Anamvetsera akusamba m'manja m'madzi a m'munda. Kenaka anafunsa ngati kunja kuli mphepo. Ndinati ndilibe nthawi yocheza za mphepo. Ananyowetsa chala, anachikweza m'mwamba, nati, "Palibe. Tiye manje, isanadzuke. Uza azakhali ako akupatse mankhusu, lichero lodzaza."

Tinafika pa boma ine nditasenza lichero la mankhusu a mpunga ngati mkazi wopita kukapeta. Telala anaimitsa makina. "Ndinanena ine! Abwera ndi mbewu!"

Asibweni anangolunjika kumadzi. Anauza ana onse atuluke m'madzi, ndipo anawakalipira mpaka anatuluka. Anauza dalaivala asiye kugwedeza miyendo. Tinadikira madzi akhale bata. Kenaka anayenda pakhonde kuyambira kumapeto mpaka kumapeto, akuwaza mankhusu pang'onopang'ono, dzanja limodzi mu msewu, lina mu ngalande. Atamaliza anakhala pansi, nafunsa ngati wina ali ndi fodya.

"Manje titani?" ndinafunsa.

"Tiyang'ane."

"Tiyang'ane chiyani? Madzi aima!"

"Madzi saima, muphwa. Iwe ndiye ukufulumira."

Ndinakhala pansi chifukwa panalibe china chochita. Poyamba sindinaone kanthu. Mankhusu anangoti mbee pamadzi. Ndinasankha kankhusu kamodzi kamene kanali pafupi ndi chikhomo changa chakale, n'kukayang'anitsitsa. Patapita nthawi kanali katasiyana ndi chikhomo kutalika kwa chala. Kenaka chikhatho. Ndinayang'ana ena. Onse ankayenda, pang'onopang'ono kuposa nkhono, a mu msewu ndi a mu ngalande omwe, ndipo onse ankapita kumadzulo. Kumbuyo kwa muvi.

Ndinadzuka n'kuyamba kuwatsatira. Anthu a pamsika nawonso anasiya malonda. Kapitawo anabwera kudzakalipa, koma nayenso anayamba kutsatira. Tonse tinkayenda pakhonde mwakachetechete ngati tikuperekeza maliro, tikuyang'ana zinyalala za mpunga. Dzuwa lisanafike pamutu, mankhusu anali atasonkhana malo amodzi, pakati pa sitolo yachitatu ndi msika, n'kupanga kamkanda kofiirira m'mphepete mwa khonde. Panalibe mgolo pamenepo. Pa pepala panalibe chilichonse.

Mayi wa nsomba uja ndiye anati, "Aa, si paja panali njira yathu ya kudambo?"

Inalidi. Amayi ankadutsa pamenepo popita kukatunga madzi, zaka ndi zaka, mpaka mapazi awo anakumba kanjira kolowa pansi pang'ono. Ife tinakakwirira pomanga khonde, ndipo anthu okumba ngalande anaunjikapo dothi lawo. Koma pansi pake madzi ankanyenyerabe pang'onopang'ono, kutsata njira yakale. Levulo yanga sikanaona zimenezo. Inali yaifupi kwambiri.

"Apa," asibweni anatero.

Kapitawo anati, "Pa pulani palibe."

Ndinamasulira. Asibweni anati, "Muuze kuti pulani yake iwaze mankhusu."

Zimenezo sindinamasulire. Ndinati akuti tiyese. Kapitawo anayang'ana lole, anayang'ana dzuwa, n'kupatsa mmodzi wa anthu ake piki. Asibweni anamulanda. Anati mzere umadulidwa ndi amene anaumanga. Anayamba ndi mulu wa kuseri, kenaka khonde lenilenilo. Ankadula bwinobwino, m'mbali mowongoka, mpata wa mapazi awiri, nkhope ili gwa ngati akupha mbuzi yoikonda. Nditafuna kuthandiza anandipatsa fosholo kuti ndizichotsa dothi, osati kudula. Atachotsa chibuma chomaliza madzi sanachite mkokomo ngati pa mgolo paja. Anangopendeka onse, n'kuyamba kutuluka mosalala, mankhusu ali patsogolo, kutsata njira ya amayi mpaka kudambo. Pofika madzulo miyala ya msewu inayamba kuoneka. Ana anatola timilamba tiwiri kutsogolo kwa ofesi, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti timilambato tinachokera kuti. Lole tinaikankha anthu makumi awiri. Pa mpata paja tinaikapo matabwa atatu.

Bwana anafika Loweruka masana, matope mpaka m'chiuno chifukwa cha njira. Anayenda msewu wonse ndi pepala lake. Anaona mzere wa matope pa makoma a khonde, wosonyeza pomwe madzi anafika. Anaona migolo iwiri yofukula ndi iwiri yosaoneka. Anaima pa matabwa. Kapitawo analankhula zambiri, zonse zoloza kwa ife. Ndiye bwana anaitana asibweni, ine n'kukhala womasulira.

Anafunsa chifukwa chimene anatsekera migolo. Asibweni anati inali mabowo. Anafunsa amene anasankha podula. Asibweni anati madzi. Bwana anaseka pang'ono, n'kulemba kanthu m'kabuku. Kenaka anatembenukira kwa ine, nafunsa m'Chingelezi ngati ndinadziwa kuti migolo yatsekedwa mvula isanagwe.

Asibweni sankamva Chingelezi. Kapitawo ankamva cha manambala chokha. Ndikanatha kunena kuti ndinali ku dzenje la miyala, zomwe zinali zoona, n'kusiyira pomwepo. Mawu ake ndinali nditawakonza kale, abwino, a Sitandade 4. Musaganize kuti ndine woyera mtima. Chimene chinandiletsa ndi makina a telala. Ankalira kumbuyo kwanga nthawi yonseyi, ndipo bwana atangofunsa funsolo anasiya. Ndinadziwa kuti chilichonse ndinene, pofika madzulo chikhala chitamasuliridwa m'Chisenga pa msika wonse, ndipo ine ndikadya m'mbale imodzi ndi asibweni.

Ndinati ndinadziwa. Anafunsa chifukwa chimene sindinanenere. Ndinati khonde linali lokongola ndipo ndinkafuna kupita ku Lundazi.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osati pachibwano. Analembanso m'kabuku.

Lolemba lole ya anthu a misewu inanyamuka mitsinje isanadzaze. Kapitawo anatenga mnyamata wina wamphamvu wa ku Chifunda ndi wina wodziwa kuphika. Wodziwa pepala anati akamupeza kumtunda, komwe ali ambiri. Anafunsanso asibweni ngati angapite kukaphunzitsa anthu ake kutsindira dothi. Asibweni anafunsa ngati kumeneko kuli dambo. Atamva kuti kulibe anatenga khasu lawo n'kumapita. Levulo ija kapitawo anailanda. Ndinaipereka nditaiyang'ana komaliza, kathovu kakuthawira kumtunda.

Ine anandisiyira fosholo imodzi, wilibala ya tayala lolira, ndi mawu a bwana akuti munthu amene anakhala chete pa migolo akhale woitsegula. Ndine woyang'anira msewu wa pa boma. Ntchito yake ndi kuchotsa matope m'migolo, kupala ngalande, ndi kukangana ndi amayi otaya mamba a nsomba pa mpata wa matabwa. Migolo iwiri yotsala ija inanditengera mlungu wathunthu. Nambala ndilibe. Telala amanditchulabe injiniya. Asibweni akamadutsa pa boma sayenda pakati pa msewu, amayenda pakhonde, akuyang'ana pansi, ndipo akapeza mng'alu amandiitana ngati ndine mwana.

Dzinja limenelo, cha mu Januwale, m'mphepete mwa ngalande munamera mpunga, wochokera m'matumba a lole ija. Unamera bwino kuposa wa m'munda mwathu. Kalaliki anati ndiuzule, pa boma si pamunda. Ndinazula wa kutsogolo kwa ofesi. Wa kuseri kwa msika ndinausiya, ndione ngati ubereke.

Lundazi sindinafikebe, ndipo zimandiwawa tsiku lililonse lole ikamakwera phiri popanda ine. M'thumba la kabudula ndimayenda ndi mankhusu. Mvula ikagwa ndimawaza pa chithaphwi chilichonse: pabwalo la ofesi, kuseri kwa nyumba ya mpunga, panjira ya ku dispensale. Ndapeza kale malo asanu pomwe madzi amapita kumene munthu sangaganizire. Ndawajambula pa chikuto cha kope langa lakale la masamu, ndi mivi yanga. Palibe amene wandifunsa.